Chisoti Chosadontha

Zisoti zinafika pa siteji ya akabaza a pa Chintheche m'makatoni awiri, mwezi wa Juni, mphepo ya mwera itayamba kale. Anazibweretsa ndi anthu a bungwe lina loona za ngozi za pamsewu. Anajambula zithunzi, anadya mpunga wa ku Limphasa, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Sabata isanathe, bungwe la akabaza linali litaika lamulo lakelake: wopanda chisoti asaime pa siteji, asanyamule munthu ngakhale katundu. Apolisi ankalimbana ndi a njinga zamoto okha pa nkhani ya zisoti, koma tcheyamani wa akabaza, Griffin Manda, anati a njinga zakapalasa asadikire kuti boma lichite kuwakumbutsa kuti nawonso ali ndi mitu.

Lamulolo silinali loipa, ndipo Griffin sanali mbuli. Ndiye amene anapita ku maphunziro a masiku atatu ku boma la Nkhata Bay. Atabwerako anandandalika anzake pansi pa mtengo wa mango n'kuwaphunzitsa kavalidwe. Chisoti chisapendekere kunkhongo ngati kapusi ya munthu wopita ku dansi. Chikhale mowongoka, zala ziwiri pamwamba pa nsidze. Lamba amangidwe pansi pa chibwano, molimba moti chala chimodzi chokha n'chimene chingalowe. Zonsezi anaphunzitsa bwino. Panali phunziro limodzi limene sanafike nalo pa siteji. Ku boma kuja anawauza kuti chisoti chimateteza kamodzi kokha: chikamenyetseka n'kusweka sichisokedwa, sichimatidwa, chimatayidwa. Mwina poyamba anangoiwala, pakuti zisoti zonse zinali zatsopano.

Pa msonkhano wotsatira, Joel Thawe anakweza dzanja. Joel anali bambo wa ana awiri, wosayankhulayankhula, wa miyendo yolimba ngati mitengo ya mlombwa. Zaka zisanu ndi ziwiri anali atapalasa pa siteji imeneyo osayambana ndi munthu.

"Ada tcheyamani," anatero, "makatoni anabwera awiri odzaza. Tonse tavala, koma katoni yachiwiri sinathe. Zotsala zija zili kuti?"

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Griffin anamwetulira.

"Zili pabwino, a Thawe. Kapena mukuopa kuti ndiziphikiramo kondowole?"

Msonkhano unapitirira ndi nkhani zina. Joel anaiwala funso lake tsiku lomwelo. Griffin sanaiwale.

Mu Seputembala minibasi ina inamuthinitsa Joel m'mbali mwa msewu wa tala. Gudumu lakutsogolo linagwera m'ngalande, iye n'kuuluka, mutu n'kukagunda pa simenti ya kalavati. Anadzuka, anadzisasa fumbi, anadzigwira mutu: unali wathunthu. Chisoti ndicho chinang'ambika kuchokera pamphumi mpaka pamwamba pa khutu lakumanzere. Mkazi wake, Ethel, atauona mng'aluwo anakhala pansi pakhonde, nagwira chisoticho pachifuwa ngati mwana. Lamulungu lotsatira anakayamika kutchalitchi.

Lolemba Joel anafika pa siteji m'mamawa. Griffin anamuvula chisoti, nachikweza m'mwamba kuti onse aone, n'kusuzumira pa mng'alu ndi diso limodzi.

"Ndikukuonani nonse. Wanangwa, tapukuta pakamwa, mandasi akuonekera." Anthu anaseka. "A Thawe, ichi ndi chisoti kapena phale?"

"Chagwira ntchito yake, ada. Mundipatseko china pa zotsala zija."

"Zotsala ziti?"

"Zam'katoni."

"Oho! Inu si aja mumadziwa za m'makatoni kuposa tonsefe? Lamulo tinagwirizana pano: munthu mmodzi, chisoti chimodzi. Chanu munalandira. Mukapeza chathunthu mudzabwere."

"Zogulitsa zili ku Mzuzu, ada. Ndikafika bwanji ndisakugwira ntchito?"

"Njinga muli nayo. Miyendo muli nayo. Ku Mzuzu si ku Joni."

Joel anayang'ana anzake. Aliyense anali ndi chochita: wina amapopa tayala, wina amapukuta mpando wa kasitomala. Anakankha njinga yake n'kumapita.

Anayesa kunyamula anthu mwamseri, kunjira ya ku Makuzi, kumene siteji siioneka. Tsiku lachitatu amuna anayi a bungwe anamupeza, nachotsa mavalavu a matayala onse awiri, n'kumusiya akukankha njinga padzuwa. Sanamumenye. Wanangwa, amene anali m'gulumo, anati, "Pepa achimwene, tatumidwa," koma valavu anaiika m'thumba.

Masabata atatu ndiwo kunyumba kwa Joel zinali chigwada, masamba a chinangwa, m'mawa ndi madzulo. Ethel ankapita kukavuula chinangwa cha anthu ena kuti apatsidweko pang'ono. Joel ankakhala pakhonde, kupukuta njinga yoyera kale. Anapitanso kawiri kunyumba kwa Griffin. Ulendo wachiwiri anaiona katoni ija ndi maso ake, pamwamba pa kabati, wailesi itaikidwa pamwamba pake. Griffin anamupatsa madzi akumwa, namufunsa za ana, n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

Ndi Ethel amene anaganiza za bambo ake. A Ackson anali mmisiri wokonza mabwato kufupi ndi Bandawe, munthu wodziwika gombe lonselo. Mkuluyo sankamukonda mkamwini wakeyo. Joel ankaopa madzi, sanakwerepo bwato chibadwire, ndipo a Ackson ankamutchula kuti "uja wa pamtunda". Zaka khumi za ukwati, awiriwa anali asanadyepo m'mbale imodzi.

Ethel anawapeza m'mawa, pansi pa mkuyu, akusungunula phula m'chitini. Anagwada, napereka moni, n'kutulutsa chisoti m'chitenje.

"Ada, popanda ichi samulola kugwira ntchito. Ana akuonda."

A Ackson anachilandira. Anachigogoda ndi chala. Anachitembenuza, nakanda ndi chikhadabo chinthu choyera chofewa cham'kati mwake.

"Izi si zomwe timayandamitsira maukonde izi? Ndiye munthu azigona ndi njala chifukwa cha choyandamitsa?"

"Akuti chikhale chathunthu, ada."

"Ukuliona bwato lilo? Linang'ambika kuchokera kumutu mpaka pakati. Mwini wake amafuna kuliwaza nkhuni. Chaka chachinayi chino likupita kunyanja, anthu atatu m'kati ndi ukonde womwe." Anaika chisoti pabondo. "Khala pansi."

Anagwira ntchitoyo monga ankagwirira pa bwato la munthu amene amamulemekeza. Anatsokotera kansalu mu mng'alu ndi nsonga ya mpeni, nathirapo phula lotentha. Anadula lata kuchokera ku chitini cha mafuta ophikira, nalisula pamwala wozungulira mpaka linapindika mofanana ndi chisoticho, nalipala m'mbali kuti lisacheke munthu. Kenako anatsegula kabotolo ka timisomali tawo ta zigamba.

Pa bwato, msomali umaluma mtengo n'kukhala momwemo. Apa unkangodutsa ngati ukulowa mu nthochi. A Ackson anadabwa pang'ono, koma sanali munthu wogonja pa ntchito. Anasankha yotalikirapo, naikhoma isanu ndi itatu, n'kumapinda nsonga zake m'kati. Isanu inapindika. Itatu inangotulukira pang'ono, yosagwirika ndi pulayala. Anaigogoda ndi hamala, inabwerera m'kati mwa choyera chija n'kubisala. Anadula chidutswa cha bulangete lakale, nachimata pamenepo ndi phula, kuti mkamwini asamve kuuma pamutu. Pomaliza anapaka penti wobiriwira wotsala pa bwato la Mswahili wina.

Penti atauma, anatuma Ethel kukatunga madzi. Anachigadamitsa chisoticho, natseka timabowo ta mphepo ndi nsanza kuti chigamba chokha ndicho chiyesedwe, n'kuthiramo madzi mpaka kumiza mng'alu wonse. Anachikweza m'mwamba, onse awiri akuyang'ana kunsi kwake. Anadikira nthawi yaitali. Palibe dontho limene linagwa.

"Waona?" anatero a Ackson. "Sichikudontha."

Ethel anaomba m'manja mothokoza. "Yewu, ada. Yewu."

Ethel atanyamuka, bambo ake anamuitana, maso ali pa chitini cha phula.

"Ukawauze apongoziwo kuti Loweruka abwere. Kuli nsomba ya batala. Munthu sangamadye chigwada ngati mbuzi."

Ethel anayenda njira yonse akumwetulira. Kanali koyamba bambo ake kunena kuti "apongozi".

M'mawa mwake Joel anafika pa siteji chisoti chili pamutu. Phokoso linabuka asanatsike n'komwe.

"Ilala yafika! Ilala yafika, konzani katundu!"

"A Thawe, injini ili kuti?"

"Musiyeni, akuopa madzi, ndiye wavala bwato pamutu!"

Joel naye anaseka. Griffin anatambasula dzanja, Joel n'kuvula n'kupereka. Tcheyamani anayang'ana lata lija, nawerenga mitu ya misomali ndi chala. Anachitembenuza, nalowetsa dzanja m'kati, n'kuyendetsa chala chachikulu pa bulangete. Wanangwa, amene anaima pambali pake, anaona chalacho chikuima pamalo amodzi, chikudinikiza, n'kuchoka msanga. Anaona Griffin akuyang'ana nsonga ya chala chake, kenako n'kuchipukuta pa thalauza.

"Wakonza ndani?"

"Apongozi anga, a Ackson."

"Mmisiri weniweni," anatero Griffin. Anachitembenuzanso chisoticho. Katoni inali kunyumba, mtunda wosakwana kupalasa mphindi zisanu. "Lamulo lathu likuti chisoti chathunthu. Ndani akuona mng'alu apa?"

"Palibe!"

"Ndiye ine ndikane bwanji? Bwerani kuno, a Thawe. Masabata atatu ndi ambiri, mwina mwaiwala kavalidwe."

Anamuveka yekha. Anachiwongola, nayeza zala ziwiri pamwamba pa nsidze. Anakoka lamba pansi pa chibwano, nalowetsa chala chimodzi, napukusa mutu, n'kukokanso.

"Onani nonse. Uku ndiye kuvala. Osati zanu zija, lamba lendelende ngati ndevu za tonde. Ichi ngakhale agwe bwanji sichingavuke."

Anachimenya pang'ono pamwamba ndi chikhatho, ngati mmene munthu amasisitira mwana.

"Yewu, ada tcheyamani," anatero Joel.

Kasitomala woyamba anali mayi Ziyana, wa ku Nkhotakota, wogula usipa, amene ankafuna kupita kugombe ndi dengu lake. Sinali nthawi ya Joel pamzere, koma Griffin anati, "Mpatseni mnzathuyu, wakhalitsa." Onse anavomera kuti tcheyamani wachita zaumunthu.

Njira ya kugombe imachoka pa tala n'kutsetsereka pakati pa minda ya chinangwa. Kumunsi kwake kuli mchenga. Akabaza onse anagwapo pamenepo, ena kawirikawiri. Munthu amadzuka, kutukwana mchenga, kupepesa kasitomala, n'kupitiriza. Joel anatsika mosamala, mabuleki atagwira. Mayi Ziyana amamuuza za mtengo wa usipa ku Lilongwe. Gudumu lakutsogolo linalowa mumchenga, linapotoka, njinga n'kupendekera kumanzere pang'onopang'ono. Mayiyo anatera ndi miyendo, dengu lili m'manja. Joel anagwa cham'mbali, mutu n'kugunda pa muzu wa mtengo umene unatulukira m'njira.

"Iii, bambo, mwandigwetsera dala kuti ndikulipireni kawiri?" anaseka mayi Ziyana, akusasa chitenje.

Joel sanadzuke. Miyendo yake inkapalasa mumchenga ngati akadali pa njinga. Chisoti chinali pamalo pake, chowongoka, lamba ali chimangire. Pansi pa lata lobiriwira, pamwamba pa khutu, panatuluka kamzere ka magazi n'kutsikira m'khosi.

Kuchipatala anadula lamba ndi sizasi, koma chisoti sichinachoke mpaka dokotala atabwera. Joel anamwalira masana omwewo, galimoto yomutengera ku chipatala chachikulu isanafike. Dokotalayo, munthu wachikulire wa mawu otsika, anaitanira Ethel m'kachipinda. Anamuonetsa m'kati mwa chisoti. Choyera chija chinali chitaphwanyika pa mng'alu wakale, bulangete litabooka, misomali itatu itaima njo.

"Kugwa kwake kunali kochepa, mayi," anatero. "Ndani anakhoma izi?"

Ethel anatenga chisoticho. Anachikulunga m'chitenje, monga anachinyamulira popita kwa bambo ake. Panja anapeza mayi Ziyana atakhala pa benchi, dengu lopanda kanthu lili pamiyendo. Anawagwadira.

"Ama, munaona inu nokha. Bambo anga ndi okalamba. Akafunsa anthu, munene kuti chinavuka asanagunde pansi."

Mayi Ziyana anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ine ndine mlendo kuno, mwanawe. Sindinaone kanthu."

Asanafike kunyumba, Ethel anapatukira kuchimbudzi cha pamsika, naponyamo chisoticho. A Ackson atafika pa siwa, anamuitanira kuseri kwa nyumba.

"Chinasweka?"

"Ayi, ada. Chinavuka. Sanamange bwino lamba."

Mkuluyo anapumira m'mwamba, nagwedeza mutu. "Ana a masiku ano," anatero, misozi ikutsika. "Batala ndinali nditamusungira."

Maliro anali Lachisanu. Akabaza onse anabwera pamzere, mabelu akulira, zisoti zili pamutu, malamba omangidwa bwino. Amayi a Umanyano a kutchalitchi anaimba. Atayankhula a kubanja ndi a mpingo, woyendetsa mwambo anaitana woimira anzake a malemu kuntchito.

Griffin anaimirira atavala jekete lakuda, m'manja muli chinthu chokulungidwa m'pulasitiki. Anayamba bwino. Anati Joel anali munthu wofatsa, wosaba, wosamwa. Anati siteji yataya mzati. Amayi anausa moyo movomereza. Kenako anang'amba pulasitikiyo. Chinali chisoti chatsopano, chofiira, chonyezimira. Anachiika pamwamba pa bokosi, pakati pa nkhata za maluwa.

"Iyi ndi nkhata yathu ife akabaza," anatero.

Ethel, atakhala pamphasa pakati pa amayi, anachiyang'ana chisoticho. Anachidziwa kumene chachokera: m'katoni ija.

"Koma abale, ndisakhale pansi osanena chilungamo, pakuti pamaliro ndi pophunzirira. Kwamveka mawu akuti mnzathuyu sanamange lamba. Limenelo ndi bodza, ndipo likunyoza bungwe lathu. Lamba ndinamanga ine ndi manja angawa, anthu akuona. Chisoti sichinavuke." Anatembenukira kumene kunakhala amuna. "Ife amene tinapita ku maphunziro tinauzidwa kuti chisoti chikasweka chimatayidwa. Sichisokedwa, sichimatidwa. Chisoti si bwato, abale anga. Mnzathuyu sanaphedwe ndi njinga, sanaphedwe ndi msewu. Yamupha ndi misomali. Akuchipatala anaiona, itatu. Amisiri athu tikuwalemekeza, koma aliyense azidziwa polekezera ntchito yake."

Mitu inatembenuka pang'onopang'ono, wina ndi wina, mpaka yonse inaloza pa mpando umene panakhala a Ackson. Mkuluyo anali atagwira chipewa chake pamaondo. Anayang'ana Griffin, nayang'ana bokosi, kenako anafunafuna mwana wake pakati pa amayi. Ethel anaphimba nkhope ndi chitenje.

Wanangwa anali kumbuyo, ataima ndi njinga yake. Funso linamufika pakamwa: ngati munauzidwa, bwanji munamuveka? Anakumbukira chala chija chikuima pa bulangete. Anakumbukiranso kuti munthu womaliza kufunsa funso pagulu ndi amene ali m'bokosiyo, ndipo valavu ya malemuyo inali ikadali pawindo kunyumba kwa Wanangwa. Anayang'ana belu la njinga.

Mbusa anayambitsa nyimbo mofulumira, anthu n'kunyamuka kupita kumanda. Bokosi lisanatsitsidwe, adzukulu anachotsa nkhata n'kuziika pambali. Griffin anawerama, natola chisoti chofiira chija, nachipukuta dothi ndi mkono wa jekete, n'kuchibwezera m'pulasitiki.

"Kuno kuli akuba," ananong'oneza mkulu wa mpingo amene anali pafupi. "Ndi katundu wa bungwe."

Pobwerera kumanda palibe amene anayenda pafupi ndi a Ackson. Achibale a Joel anadutsa osawapatsa moni. Mlongo wake wa malemu analavula pansi. Mkuluyo anayenda yekha kumbuyo, chipewa chili m'manja, mpaka pakhomo. Ethel anali atakhala pakhonde, pamalo pamene Joel ankapukutira njinga, ana awiri atamutsamira. A Ackson sanakhale pampando umene unali pamenepo. Anakhala pansi, m'fumbi, patsogolo pa mwana wawo, n'kutambasula manja awo akuda ndi phula ngati akufuna kuti awayang'ane.

"Unalipo iwe, mwana wangu," anatero. "Unaona wekha. Ndinathiramo madzi. Sichinadonthe."